NKHUKU PA GOME LA MKRISTU: TIDYE KAPENA TILEKE?

Kuwerenga: Genesis 1:29-31, Genesis 9:1-4, Miyambo 12:10, Aroma 14:1-21



Phunziro lathu la lero licokera ku khichini. Mwina wina adzati, kodi nkhani ya nkhuku ndi yofika nayo pa msonkhano wa Cigwirizano? Yambani mwamva cimene cinagwera mai wina wa gulu lathu, ndipo mudzaweruza nokha.

Mai ameneyu ali ndi mdzukulu wamkazi amene anamlera yekha kuyambira ali wakhanda. Mtsikanayo anacita mwai, anapita ku maphunziro ku London, nakhalako zaka zinai. Pa Krisimasi anabwera kudzaona ambuya ake. Ambuya anali atasunga tambala miyezi yambiri poyembekezera tsiku limenelo. Tambala anazingidwa, naphikidwa bwino, nsima inafika, ndipo nthutumba inaikidwa pambali monga ticitira ndi mlendo wolemekezeka. Atapemphera, mtsikanayo anati, "Ambuya, mundikhululukire. Ine ndinaleka kudya nyama. Ngakhale mazira ndi mkaka ndinasiya."

Ambuya anafunsa, "Mwanawe, ukudwala kodi? Kapena unalowa mpingo wina?"

"Iyai ambuya, ndili bwino, ndipo kupemphera sindinaleke. Koma mtima wanga sundilola."

Mtsikanayo anadya nsima ndi cibwabwa cotendera. Ambuya sanadye konse usiku umenewo. Kwa masiku asanu amene mlendoyo anakhala, m'nyumba munali kupatsana moni cabe. Iye anabwerera akuganiza kuti ambuya ake ndi ouma mtima. Ambuya anatsala akunena kuti mwana wayamba kunyada, wakana ulemu wa kwao. Pondifotokozera, maiyu analira, nati, "Ndinampatsa copambana cimene ndinali naco, ndipo anacikana."

Muona tsopano kuti nkhani ya nkhuku yakhudza cikondi ca m'banja. Ana athu ambiri ali ku Lusaka, ku Johannesburg ndi kutsidya kwa nyanja, ndipo maganizo amenewa afika kale pa magome athu. Tiyeni tsono tifunse Mau a Mulungu, tisanapse mtima ndiponso tisanaseke.

1. KODI ANA ATHUWA AKUNENA CIANI?

Miyambo 18:13 itiphunzitsa kuti kuyankha tisanamvetse nkhani ndi kupusa. Cotero tiyambe tamva.

Anthu amene sadya ciliconse cocokera ku nyama, kaya ndi nyama yeniyeni, nsomba, mazira kapena mkaka, amachedwa mavegan. Dzinali linayamba ku England m'caka ca 1944, pamene Donald Watson ndi anzake anapanga bungwe lao. Zifukwa zao zazikulu ndi ziwiri.

Coyamba ndi cifundo pa zinyama. Pa dziko lonse lapansi nkhuku zoposa mabiliyoni 70 zimaphedwa caka ciliconse, pamene anthu tonse tinakwana mabiliyoni 8 m'caka ca 2022. Zambiri mwa nkhukuzi ndi mabroila, amene amakhwima m'masabata asanu ndi limodzi okha. Ofufuza a pa yunivesite ya Alberta ku Canada anayerekeza mitundu ya mabroila, nalengeza m'caka ca 2014 kuti nkhuku ya mtundu wa 1957 inalemera magalamu 905 pa masiku 56, koma ya mtundu wa 2005 inapitirira makilogalamu 4 pa masiku omwewo. Thupi likakula msanga cotero, miyendo ndi mtima zimatsalira m'mbuyo. Inu amene mumaweta mabroila mwaziona: ina imangokhala pansi osatha kuimirira, ina mumaipeza yafa m'mawa popanda matenda ooneka. M'makampani ambiri oswetsa nkhuku za mazira, anapiye amphongo amaphedwa tsiku lomwe aswa cifukwa sadzaikira. Dziko la Germany linaletsa mcitidwe umenewu kuyambira m'caka ca 2022.

Caciwiri ndi cilengedwe. M'caka ca 2013 bungwe la FAO, loona za cakudya ndi ulimi pa dziko lonse, linawerengera kuti ziweto zinkatulutsa magawo 14.5 pa 100 alionse a mpweya umene anthufe timaonjezera mlengalenga, umene ukutenthetsa dziko ndi kusokoneza nyengo. Komanso soya wambiri wolimidwa pa dziko lapansi, pafupifupi magawo atatu mwa anai, amadyetsedwa kwa ziweto. Mavegan amati, bwanji osangodya soya ndi cimangaco ife eni, m'malo mozipitiriza m'mimba mwa nkhuku?

Koma pali mfundo imene imavuta ngakhale ophunzira. Ng'ombe ndizo zimatulutsa mbali yaikulu ya mpweya uja, pafupifupi magawo awiri mwa atatu a wocokera ku ziweto. Kilogalamu imodzi ya nyama ya ng'ombe imaononga mlengalenga kuposa ya nkhuku pafupifupi kakhumi. Motero ena amati, tisiye ng'ombe, tizidya nkhuku. Koma anzao amayankha kuti nyama ya ng'ombe imodzi ilingana ndi ya nkhuku zoposa 100, ndiye kusiya ng'ombe ndi kutenga nkhuku ndiko kucurukitsa zamoyo zozunzika. Cimene cithandiza mlengalenga cipweteka nkhuku. Nyemba ndizo zipambana zonse ziwiri pa mbali zonsezi, ndipo ndi cifukwa cake mavegan amaima pamenepo.

Amai, awa si maganizo a munthu wopenga. Akale anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Tingathe kusiyana nao pa yankho, koma funso lao ndi loyenera kulimva.

2. KODI KUDYA NKHUKU NDI CHIMO?

Mau a Mulungu ayankha momveka: si chimo.

Ndi zoona kuti pa Genesis 1:29 cakudya cimene Mulungu anachula kwa anthu oyamba ndi mbeu ndi zipatso. Koma cigumula citatha, pa Genesis 9:3, Mulungu yemweyo anapatsa Nowa ndi ana ake zamoyo kuti zikhale cakudya cao. Ana a Israyeli anadya mwana wa nkhosa pa Paskha mwa lamulo la Mulungu. Abrahamu anaphera alendo ake mwana wa ng'ombe (Genesis 18:7-8), monga ife tiphera mlendo nkhuku. Ambuye Yesu anadyetsa makamu mkate ndi nsomba, ndipo atauka kwa akufa anadya nsomba yooca pamaso pa ophunzira ake (Luka 24:42-43). Pa Marko 7:18-19 anaphunzitsa kuti colowa m'mimba sicidetsa munthu. Codetsa cicokera mumtima. Ndipo Paulo, pa 1 Timoteo 4:3-5, acenjeza za aphunzitsi oletsa zakudya zimene Mulungu anazilenga kuti tizilandire ndi ciyamiko.

Nanga kusadya nyama ndi chimo? Nakonso si chimo. Danieli ndi anzake atatu ku Babulo anakana cakudya ca mfumu kuti asadzidetse, napempha zamasamba ndi madzi kwa masiku khumi, ndipo Mulungu anawadalitsa (Danieli 1:8-16). Palibe vesi lolamula Mkristu kuti adye nyama.

Ife a Eklesia wa Cikonzedwe tiyenera kuidziwa bwino nkhaniyi, pakuti ili m'mbiri yathu. M'caka ca 1522, mu mzinda wa Zurich ku Switzerland, anthu ena anadya soseji m'nyumba ya wosindikiza mabuku dzina lake Christoph Froschauer, m'nyengo ya Lenti pamene lamulo la mpingo linaletsa nyama. Panabuka mlandu waukulu. Mbusa Huldrych Zwingli analipo m'nyumbamo koma iye sanadye. Komabe analalikira kuteteza amene anadya, naphunzitsa kuti Mkristu ali ndi ufulu pa zakudya: wofuna kusala asale, wofuna kudya adye, ndipo munthu asaike lamulo pamene Mulungu sanaike. Kukonzanso kwa Eklesia ku Zurich kunayambira pamenepo. Taonani cinthu cokoma: munthu amene sanadye ndiye anateteza amene anadya. Lero ife amene timadya tiitanidwa kucita cimodzimodzi kwa amene sadya.

Cotero mai, musalole munthu akuuzeni kuti nkhuku ya mumphika mwanu ikutsekerani Kumwamba. Tipulumutsidwa ndi cisomo mwa cikhulupiriro, osati ndi ndiwo. Koma musaime pomwepo, cifukwa Mau a Mulungu saima pomwepo.

3. UFULU WA KUDYA SI UFULU WA NKHANZA

Pamene Mulungu analola Nowa kudya nyama, pa vesi lotsatira analetsa kudya mwazi, cifukwa mwaziwo ndiwo moyo (Genesis 9:4). Potero anamkumbutsa kuti moyo wa nyama uli ndi Mwini wake. Tinapatsidwa nyama, koma sitinapatsidwe kuti tizicita nayo monga mwala kapena cikuni. Ndipo pangano la utawaleza Mulungu analicita ndi anthu pamodzi ndi zamoyo zonse, mbalame zomwe (Genesis 9:9-10).

Werengani cilamulo ca Mose muone mmene Mulungu asamalira ziweto. Ng'ombe ndi buru zipumule pa Sabata (Eksodo 23:12). Ng'ombe yopuntha tirigu isamangidwe pakamwa (Deuteronomo 25:4). Wopeza cisa asatenge mbalame yaikazi pamodzi ndi ana ake (Deuteronomo 22:6-7). Miyambo 12:10 iyesa cilungamo ca munthu ndi mmene asamalira ciweto cake. Ambuye Yesu anati ngakhale mpheta yochipa pa msika siigwa pansi Atate osadziwa (Mateyu 10:29). Ndipo pofuna kuonetsa cikondi cake pa Yerusalemu, anadzifanizira ndi thadzi losonkhanitsa anapiye m'mapiko mwake (Mateyu 23:37). Mwana wa Mulungu sanacite manyazi kudzifanizira ndi nkhuku. Nanga ife tiipeputsa bwanji?

Apa ndi pamene kalumo ka mdzukulu uja katicheka. Tiyeni tidziyang'ane.

Timamanga nkhuku miyendo ndi kuzikoloweka pa njinga mitu ili pansi, ulendo wa maora atatu padzuwa. Pa msika zimagona tsiku lonse zomangidwa, zopanda madzi, zikupuma ndi kukamwa. M'makola athu a mabroila, pofuna phindu, timaika nkhuku 200 pamalo oyenera 100. Utuci timausiya unyowe mpaka fungo lake litiwawa m'maso tikalowa kwa mphindi ziwiri, koma nkhuku zimapuma momwemo usana ndi usiku, ndipo mapazi ao amacita zilonda. Pozinga timapatsa mwana mpeni wobuntha, ena akuseka pamene nkhuku ikuphupha. Zonsezi tazizolowera, ndipo sitiziwerengera m'gulu la macimo. Koma Mwini wa mpheta amaona.

Palinso nkhanza imene imapitirira nkhuku ndi kufika kwa munthu. Ena amathira maantibayotiki m'madzi a nkhuku tsiku ndi tsiku ngakhale sizikudwala, ena mpaka kugwiritsa nchito mankhwala a anthu, nagulitsa nkhukuzo masiku olembedwa pa paketi asanakwane. Mcitidwe umenewu umapangitsa tizilombo toyambitsa matenda kuzolowera mankhwala, kotero kuti tsiku lina mwana akadwala, mankhwala a ku cipatala sagwira nchito. Ena nkhuku ikafa yokha amaisosola msanga nakaigulitsa. Mai wa Cigwirizano, wogulayo ndi mnansi wako. Lamulo lakuti usaphe ndi lakuti usabe limafikanso ku khola.

Magulu athu ambiri amaweta nkhuku kuti apeze ndalama za nchito ya Ambuye, ndipo amai ambiri aphunzitsa ana ndi malonda amenewa. Nchitoyi ndi yabwino, ndipo sindikunena kuti tiisiye. Ndikunena kuti khola la Mkristu lizidziwika. Mukhale malo okwanira, mpweya wabwino, utuci wouma ndi madzi oyera. Katemera wa citopa, cimene ena amati cideru, aperekedwe pa nthawi yake. Mankhwala aperekedwe mwa malangizo a alangizi a ziweto. Ponyamula tigwiritse nchito dengu kapena bokosi lolowa mpweya. Pozinga, mpeni ukhale wakuthwa, nchito icitike msanga ndi munthu wodziwa, ndipo ana aphunzire kuti iyi si nthawi ya masewera. Ndalama yocokera m'khola lotere tingaiike m'mbale ya copereka ndi mtima woyera.

4. MUNDA TINAUPATSIDWA KUTI TIUSUNGE

Pa Genesis 2:15 Mulungu anaika munthu m'munda ndi nchito ziwiri: kuulima ndi kuusunga. Masalmo 24:1 atikumbutsa kuti dziko ndi la Yehova. Ife ndife adindo, ndipo mdindo adzafunsidwa.

Palibe mai wa m'Zambia wofunika kumuuza kuti nyengo yasokonezeka. Tikumbukira cilala ca 2024, pamene pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Cimanga cinauma cisanabereke, madzi anacepa ku Kariba, magetsi anasowa, ndipo mtengo wa ufa unatiliza.

Tinene zoona zonse. Mpweya woononga umene Africa yense amatulutsa ndi wocepa kwambiri poyerekeza ndi wa maiko olemera. Nkhuku ya kumudzi imene imadzipezera yokha ciswe ndi ziwala, nidya gaga ndi zotsala za pakhomo, ndipo zitosi zake zimapita ku dimba, si ndiyo inabweretsa cilala. Ndi kusaweruza bwino kutenga mlandu wa makola a nkhuku zikwizikwi a kutsidya kwa nyanja ndi kuusenzetsa mai wamasiye amene ali ndi nkhuku zisanu ndi ziwiri. Ici ana athu ophunzira ayenera kucimvetsa.

Koma kucepa kwa mlandu wathu sikutimasula ku gawo lathu. Anapiye a mabroila timawafunditsa ndi mbaula, ndipo thumba lililonse la makala linali mtengo. Nkhuku zakufa ndi matumbo ena amataya mumtsinje momwe anzao amatunga madzi. Zitosi, zimene ndi manyowa abwino, zimangounjikidwa kuseri kwa nyumba ndi kuitana nchenche, pamene tikulira mtengo wa feteleza. Pa maukwati ndi pa maphwando timaphika kopitirira muyeso pofuna kuchuka, m'mawa mwake nkutaya. Izi si za ku London. Izi ndi zathu, ndipo zili m'manja mwathu kuzikonza. Amene agwiritsa nchito makala abzale mitengo. Zitosi zipite kumunda. Zakufa zikwiriridwe m'dzenje lakuya. Ambuye amene anadyetsa anthu zikwi zisanu analamula kuti makombo atoledwe (Yohane 6:12).

5. TISAIWALE MWANA NDI WOSAUKA

M'makambirano amenewa muli munthu amene mau ake samveka, ndiye mwana wamng'ono. Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa m'caka ca 2018 anapeza kuti ana 35 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Zambia anali opinimbira. Mwana wopinimbira savutika msinkhu wokha. Ngakhale nzeru zake ku sukulu zimakhudzidwa.

Dzira limodzi ndi cakudya camphamvu kwa mwana wotere. M'mazira, m'kapenta, mu mkaka ndi m'nyama muli vitamini B12, yofunika pa magazi ndi pa ubongo, imene simungaidalire kuti muipeza m'masamba ndi m'nyemba. Mavegan a ku maiko olemera amaipeza m'mapiritsi kapena m'zakudya zimene makampani anaithiramo. Mai wa kumudzi alibe sitolo yotero. Cifukwa cace munthu wamkulu amene wasankha kusadya nyama asankhe, koma afunse a zaumoyo, makamaka ngati ali ndi pakati kapena akuyamwitsa. Ndipo wina asamane mwana wa kumudzi dzira m'dzina la cifundo pa nkhuku. Ambuye yemwe anati Atate asamalira mpheta anatinso munthu aposa mpheta zambiri (Mateyu 10:31).

Koma amai, amene amamana ana athu mazira kawirikawiri si mavegan. Ndife tomwe. Mazira onse timagulitsa, mwana nkumadya phala lopanda kanthu. M'madera ena mukadali mwambo woletsa mai wapakati ndi ana kudya mazira, mwambo umene a ku sikelo akhala akuutsutsa zaka zambiri. Nkhuku ikaphikidwa, nchafu ndi cidali zimapita ku mbale ya abambo ndi alendo, ana nkulandira mutu, miyendo ndi msuzi. Kulemekeza abambo ndi alendo nkwabwino, koma amene akukula ndi mwanayo. Kodi pogawa ndiwo timakumbukira kuti Yesu anaika kamwana pakati?

Tikumbukirenso kuti pakati pathu pali ambiri amene sadya nyama, osati mwa kusankha koma mwa kusowa. Pali amasiye ndi nkhalamba zimene zimalawa nkhuku pa Krisimasi pokha, mwinanso osailawa. Mbali inayo, m'matauni muli makomo amene nsima siilowa popanda nyama, ndipo ana ao amati masamba ndi ndiwo za amphawi. Miyambo 23:20-21 icenjeza za kususuka pa nyama monga icenjeza za kuledzera. Ndipo Miyambo 15:17 iti mbale ya masamba yodyera m'cikondi iposa ng'ombe yonona yodyera m'cidani.

Tisanyoze cuma cimene Mulungu anatipatsa. Makolo athu anakula ndi nyemba, khobwe, nzama, nandolo, bonongwe, therere, cibwabwa cotendera ndi nshawa, ndi mfutso m'cilimwe. Nkhuku inali ya tsiku lapadera, ndipo cifukwa cace inali ndi ulemu. Zimene anthu a ku Ulaya akuzifuna lero ndi ndalama zambiri, ife tili nazo kuseri kwa nyumba. Banja limene lingathe kugula nkhuku katatu pa sabata lingadye kawiri, yacitatuyo nkupita nayo kwa mai wamasiye wa m'dera lao. Potero thupi lipindula, cilengedwe cipuma, ndipo Yakobo 1:27 akwaniritsidwa.

6. GOME LISAPASUKE

Tsopano tibwerere kwa ambuya ndi mdzukulu wao. Nkhani yao si yacilendo. Mu mpingo wa ku Roma munali Akristu odya zonse, ndi ena odya zamasamba zokha cifukwa ca cikumbumtima cao. Zifukwa zao zinali zosiyana ndi za ana athu a lero, koma bala linali lomwelo: abale analeka kudyera pamodzi.

Paulo mwini anali wotsimikiza kuti palibe cakudya codetsedwa pa cokha (Aroma 14:14). Koma sanalamule kuti onse adye nyama kuti nkhani ithe. Anaona kuti mbali iliyonse ili ndi chimo lake. Wakudya amayesedwa kupeputsa mnzake. Wosadya amayesedwa kuweruza mnzake. Onse awiri anawaletsa pa vesi 3, ndipo cifukwa cimene anapereka ndi cimodzi: Mulungu anamlandira munthuyo. Pa vesi 6 aonetsa kuti wakudya ndi wosadya onse angacite cotero kwa Ambuye, ngati onse ayamika. Pa vesi 15 acenjeza kuti tisaononge ndi cakudya munthu amene Kristu anamfera. Ndipo pa vesi 17 atiuza kuti Ufumu wa Mulungu suyezedwa ndi za m'mbale, koma ndi cilungamo, mtendere ndi cimwemwe ca Mzimu Woyera.

Kwa inu amai ndinena ici. Mwana akakana nkhuku, sanakane inu. Mfunseni cifukwa cace, ndipo mumvetsere mpaka atsirize. Musamseke pamaso pa abale. Musamthirire msuzi wa nyama mobisa m'ndiwo zake, pakuti kumeneko ndi kunama, ndiponso ndi kupondereza cikumbumtima ca mnzanu. Ulemu wa nkhuku suli m'nthenga zake. Uli m'mtima umene upereka copambana kwa mlendo. Ngati copambana kwa mlendo uyu ndi nyemba zophikidwa bwino ndi masamba otendera, mphikireni zimenezo ndi manja awiri. Cimodzimodzi ndi anansi athu a mpingo wa Seventh-day Adventist, amene ena mwa iwo sadya nyama: akabwera pa ukwati kapena pa maliro, pakhale mphika umene iwonso angadyeko.

Ndipo ana athu tiwalangize mwacikondi. Ngati wasankha kusadya nyama, tumiza mau usanafike, tambala asanazingidwe. Uyamike manja amene anaphika. Usasandutse gome la ambuya ako bwalo la milandu, ndipo usayese kuti mbale yako yakuyeretsa kuposa iwo amene anakulera ndi ndalama za mazira. Cifundo cimene cimafika kwa nkhuku koma nkulumpha ambuya ndi cifundo copunduka.

Mai uja ndinamfunsa funso limodzi: "Amai, munasunga tambala uja cifukwa ca ndani?" Anati, "Cifukwa ca mwanayo." Ndinati, "Tsono musataye mwana cifukwa ca tambala." Anakhala cete nthawi yaitali. Pambuyo pake anandiuza kuti adzamuimbira foni, ndipo kuti caka cino adzabzala nshawa zambiri.

MAU OMALIZA

Amai okondedwa, Katekisma wa Heidelberg pa Sabata 10 atiphunzitsa kuti cakudya ndi cakumwa sizitifika mwangozi, koma zicokera m'dzanja la Atate. Ngati ndi tero, funso lathu lalikulu si lakuti nkhuku kapena nyemba. Funso ndi lakuti, kodi cimene cili m'mbale mwangamu ndingathe kuciyamikira pamaso pa Mulungu ndi nkhope yosagwa? Kodi cinasungidwa popanda nkhanza? Kodi cinagulitsidwa popanda cinyengo? Kodi mwana ndi wamasiye alandirako gawo lao? Kodi amene ndakhala naye pa gome ndamlandira monga Kristu anandilandira ine? Paulo pa 1 Akorinto 10:31 aika kudya ndi kumwa m'gulu la zinthu zolemekeza nazo Mulungu. Mphika wanu, mai, ndi malo a utumiki.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MAGULU

1. Kodi ndi zinthu ziti zimene timacita poweta, ponyamula ndi pozinga nkhuku zimene zitsutsana ndi Miyambo 12:10? Tingasinthe citi mwezi uno?
2. Kodi ndiwo zimagawidwa motani m'makomo mwathu? Ana amalandira ciani?
3. Werengani Aroma 14:3. Kodi inu mumagwa kawirikawiri m'chimo liti, kupeputsa kapena kuweruza?
4. Ndani m'dera lathu amene sanalawe dzira kapena nkhuku kwa miyezi yambiri? Gulu lathu licitapo ciani?

PEMPHERO

Atate wathu wa Kumwamba, Mwini wa zamoyo zonse, tikuyamikani cifukwa ca nsima ndi ndiwo zimene mutipatsa tsiku ndi tsiku. Mutikhululukire pamene tazunza zolengedwa zanu, pamene tanyenga ogula, pamene tamana ana ndi amasiye, ndi pamene tapeputsa kapena kuweruza anzathu cifukwa ca cakudya. Mutipatse manja acifundo m'khola, mtima woona pa msika, ndi cikondi pa gome. Lunzanitsani mabanja amene anagawanika, ndipo musunge ana athu amene ali kutali. Tipempha m'dzina la Yesu Kristu, Mkate wa Moyo. Amen.